Kaseti ya Achimwene

Senderani kuno, adzukulu anga, ndipo mmodzi wa inu alowe kuchipinda akanditengere kabokosi ka mkungudza kali kunsi kwa bedi. Akanyamule ndi manja awiri. Eya, kameneko. Mwalimva fungo lakelo? Matabwa amenewa anachekedwa m'phiri la Mulanje ine ndisanakwatire n'komwe, koma mpaka lero ukangotukula chivindikiro nyumba yonse imanunkhira ngati ukudutsa pa Fort Lister m'mawa wa chiperoni, ndipo chiswe kapena mphemvu siziyerekeza kulowamo. M'menemu ndimo mumagona makaseti anga. Inu munabadwa nyimbo zikutuluka m'foni ngati madzi a pampopi, n'chifukwa chake tinthu iti mumationa ngati zidole. Koma ine ndinalera makolo anu ndi tinthu timeneti, malata a nyumba ino ndinagula ndi nthenda zake, ndipo pakati pa makaseti onsewa pali imodzi, iyi ya pepala lachikasu pamphumiyi, imene ikusunga mawu a achimwene anga aakulu, agogo anu amene inu simunawaone.

Achimwene anapita ku Joni pa Theba m'chaka cha 1979. Masiku amenewo Phalombe inali isanakhale boma payokha, tinali pansi pa Mulanje mpaka 1998, ndipo mnyamata wofuna njinga, bulangete ndi suti analibe njira yachidule yoposa ya kumigodi. Njirayo inali itatsekedwapo: ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu analetsa ulendowo, ndipo unadzatsegulidwanso mu 1977 dzina litasintha kukhala Theba. Amayi sanafune kuti mwana wawo apite, komabe anadzuka m'mamawa n'kuwakazingira chimanga ndi mtedza kuti akhale kamba wa panjira. Pobwerako, achimwene anatsika pa Migowi ndi bokosi lachitsulo, njinga yonyezimira, ndi chinthu china chokulungidwa m'bulangete chimene sanalole kuti munthu awanyamulire. Inali wailesi ya kaseti. Ife tinkadziwa wailesi ya Nzeru, imene inkalankhula zimene a MBC akonza pa nthawi imene a MBC akonza. Iyi inali ya mtundu wina: ukailamula kuti ibwereze, inkabwereza, ndipo ukaiuza mawu inkawasunga n'kukubwezera onse, osasiyako ngakhale kutsokomola kwako. Alamu anailukira kansalu koyera ka mauna kuti fumbi lisailowe, ndipo mwana aliyense anauzidwa kuti mabatani ake ndi a akuluakulu okha.

Atabwerera kumigodi ulendo wachiwiri, wailesi ija anaisiya pakhomo. Amayi sankadziwa kuwerenga, ndipo kalata ya papepala inkayenera kudutsa m'kamwa mwa mwana wasukulu, amene ankalumpha mawu ovuta ndi kuchita manyazi akafika pa nkhani za akuluakulu. Choncho mu 1983 achimwene anabwereka wailesi ya mnzawo wa m'chipinda chimodzi, n'kulankhula kalata yawo yonse m'kaseti, n'kuipatsira munthu wina wa ku Chiringa amene nthawi yake yobwerera inali itakwana.

Usiku umenewo ndimaukumbukira ngati dzulo. Tinadya msanga nsima ya matemba a ku Chilwa ndi nandolo, tinayala mphasa pabwalo, koloboyi tinamukhazika pa mtondo wovundikira, ndipo anthu a nyumba zoyandikana anabwera ndi timipando tawo osaitanidwa. Amalume ndiwo anakanikiza batani. Poyamba kunamveka kamphepo, kenako mbale zikugundana chapatali ndi amuna akulankhula Chifanakalo, kenako achimwene anakonza kukhosi monga ankachitira nthawi zonse asanayambe nkhani. Anapereka moni motsatira ukulu, akusakaniza Chichewa ndi Chilomwe: amayi, amalume, alamu, ife abale awo, ana mmodzimmodzi ndi mayina awo, mpaka galu anamufunsa ngati akadasakabe mbira. Amayi ankayankha moni uliwonse akuwomba m'manja pang'onopang'ono, nkhope atalozetsa ku wailesi: "Tilipo, bambo, kaya inu kumeneko?" Palibe anaseka. Tonse tinkaona kuti akuyenera kuyankha.

Atatha moni anayamba malangizo: ndalama za malata zili panjira, fizi ya ana isachedwe, munda wa kudambo usabwereketsedwe. Kenako anati, "Mbuzi yaikazi yamawangamawanga ija mukaipereke kwa…" ndipo pomwepo mawu awo ananjenjemera, n'kumira ngati munthu wolankhulira m'madzi, n'kuzimiririka. M'malo mwake munamveka kaphokoso ngati ka mbewa m'nkhokwe. Titatsegula kachitseko, tepi yabulauni inali itatuluka ngati matumbo a nkhuku, itakulungana pa kagudumu ka labala, pena itapindikapindika, pena itang'ambika. Alamu anagwira pakamwa. Wailesi inali yatafuna kalata.

M'mawa ndinakwera njinga ya achimwene kupita ku Phalombe, kumene kunali mdala wina wokonza mawotchi ndi mawailesi pakhonde la sitolo, munthu amene anaphunzira ntchitoyo ku Limbe. Sanafulumire. Anavala magalasi, anayala kansalu, analowetsa bolopeni m'kagudumu ka kaseti n'kuyamba kupota pang'onopang'ono, akuwongola tepi ndi chala chapakati. Pamene panali potafunidwa kwambiri anapadula ndi lezala chopingasa, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi kachidutswa ka selotepi kumsana kwake. Kachidutswa kamene anataya kanali kotalika ngati chala changa ichi. Anandiuza kuti, "Mwana wanga, tepi imayenda masentimita 4.76 pa sekondi. Chala chimodzi ndi mawu amodzi kapena awiri. Amenewo apita." Ndipo anapitadi, mbali zonse ziwiri, pakuti tepi ndi imodzi ngakhale kaseti ili ndi nkhope ziwiri: kumbali yoyamba kunatayika dzina la mwini mbuzi, ndipo kumbali yachiwiri kunatayika kachigawo ka nyimbo ya kutchalitchi imene achimwene anaimbira amayi potsanzika.

Madzulo tinamvetseranso. Pofika pa mbuzi paja panangomveka kuti "thi", achimwene n'kupitiriza za munda wa fodya. Amalume anayamba kutchula mayina a anthu amene akanayenera, koma amayi anakweza dzanja nati, "Ndamumva mwana wanga." Mbuzi ija anakaipereka kwa mchemwali wawo wamasiye wa ku Nambazo. Achimwene atabwera n'kuuzidwa, anangoti, "Mwachita bwino, amayi," ndipo dzina limene anatchula usiku uja sanalinenenso kwa munthu.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala wosachoka pakhonde la mdala uja, mpaka anandilandira ngati wophunzira. Iye ndiye anandionetsa kuti tepi si matsenga: ndi kalamba ka pulasitiki, kosakwana mamilimita anayi m'lifupi, kopakidwa ufa wosalala wa mtundu wa dzimbiri la chitsulo. Hedi, kachitsulo konyezimira kamene tepi imadutsapo, ndi kamaginito ka magetsi kokhala ndi kampata kochepa kuposa tsitsi. Pojambula, mawu amasanduka magetsi, magetsiwo n'kufola tinjere ta dzimbiri tija m'mizere yosaoneka. Poseweretsa, mizereyo ikamadutsa pa kampata kaja imadzutsanso magetsi omwe aja, sipika n'kulankhula. Patapita zaka ndinadzamva kuti Ajeremani anali ndi makina a tepi otchedwa Magnetophon kale mu 1935, ndi kuti kaseti yaing'onoyi inatulutsidwa ndi kampani ya Philips mu 1963, motsogozedwa ndi katswiri wa ku Netherlands dzina lake Lou Ottens, amene anamwalira mu 2021. Nditamva za imfa yake ndinakhala chete kanthawi, monga umachitira ukamva za maliro a munthu amene anakuchitira zabwino usanamuonepo.

Nditatsegula khonde langalanga pa Migowi, ndinapeza kuti nthenda za kaseti zimadziwika ndi khutu usanamasule n'komwe sikuluu. Munthu ankafika tsiku la msika, wailesi ili kumbuyo kwa njinga atamanga ndi malegeni, n'kunena kuti, "Abambo, ikulankhula ngati ili ndi chimfine." Pamenepo unkadziwa kuti ndi hedi yakuda. Fumbi la kuno, lija la m'chilimwe lomwe linkauluka lole ikadutsa msewu usanaikidwe phula, linkasakanikirana ndi ufa wothothoka pa tepi n'kumata kampata kaja. Mankhwala ake anali kathonje kokulunga pa kamtengo ka machesi, koviika mu sipiriti wa buluu, ndipo thonjelo linkatuluka lofiira ngati katondo. Fungo la sipiriti ndi la mtovu wosungunuka mpaka lero likandipeza limandibwezera pakhonde paja, pafupi ndi amayi ogulitsa zitumbuwa ndi thobwa. Wina ankati woimba akumveka ngati waledzera, mawu akukwera ndi kutsika: ameneyo anali lamba wa mota wotamuka, kapena kagudumu ka labala kouma n'kuterera, kamene ntchito yake ndi kupanikiza tepi pa kamsomali kozungulira kuti iziyenda liwiro limodzi. Lamba watsopano akasowa, tinkadula wa chubu cha njinga, wopyapyala bwinobwino, ndipo ankatumikira mpaka nyengo yokolola. Mawu akamakoka ngati ng'ombe yotopa, anali mabatire. Anthu ankawayanika padzuwa pa denga la nkhokwe kuti apezeko kamphamvu ka usiku umodzi, ndipo pofuna kuwasunga palibe ankabweza kaseti ndi batani, aliyense ankaizunguza m'mwamba pa bolopeni ngati mwana akuseweretsa nguli.

Nthenda imene inkandikondweretsa kuchiza inali ya hedi yopendekeka. Kaseti yojambulidwa pa wailesi ina inkamveka mbuu pa inzake, pamene ya mwini wake inkamveka bwino. Pambali pa hedi pali kasikuluu kakang'ono kokhala pa sipuling'i. Unkaseweretsa nyimbo, n'kutsinzina, n'kukapotoza pang'ono pokha, uku ndi uku, mpaka magitala atatseguka ngati dzuwa likutuluka kuseri kwa Michesi. Ukapeza malo ake unkadonthezapo kyuteksi kuti kasasunthenso. Koma kutafuna ndiyo inali nthenda yoliritsa anthu. Imachitika pamene kagudumu kolandira tepi kaima koma kamsomali kakukokabe, tepi n'kusowa kolowera. Makaseti a C120, aja a maola awiri, ndiwo ankatafunidwa kawirikawiri chifukwa tepi yake ndi yopyapyala kwambiri. Ine ndinkalangiza anthu kuti mawu ofunika azijambula pa C60, ndipo asasiye kaseti padzuwa, pawindo la galimoto, kapena pamwamba pa sipika, pakuti maginito a sipika amafufuta mawu mwakachetechete.

Zaka zimenezo zinali zokoma pa ntchito yathu. Allan Namoko, mkulu wosaona wa ku Thyolo uja, ndi banjo yake ndi Chimvu River Jazz Band, ankamveka m'mashabini onse kuyambira ku Mpasa mpaka ku Nkhulambe. Robert Fumulani, Daniel Kachamba, Alleluya Band ya ku Balaka, ndiponso za kunja, John Chibadura, Leonard Dembo, Lucky Dube, Kanda Bongo Man, ndi Jim Reeves wa Lamulungu masana. Anyamata ankakwera basi kukapikula makaseti kwa O.G. Issa ku Limbe n'kudzayala pa mphasa tsiku la msika. Ndipo pamene mphepo ya dziko inkatembenuka, kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, riferendamu n'kuchitika pa 14 Juni 1993, kaseti inanyamula zimene wailesi ya boma sinkanyamula. Chimbale cha Lucius Banda cha Son of a Poor Man chinadutsa m'manja mwanga kambirimbiri, china chitatha ndi kuseweretsedwa mpaka tepi kuoneka mbee.

Koma ndadumpha chaka chimene sindiyenera kudumpha. Theba inatha mu 1988, achimwene anabwera kudzakhazikika, ndipo mu 1990 anatisiya atadwala chifuwa nthawi yaitali. Kenako mu Malichi 1991, mvula itagwa masiku otsatizana, napolo anatsika m'phiri la Michesi. Amene munamva phokoso la Freddy mu 2023 mukudziwa zimene ndikunena: madzi, matope, mitengo yathunthu ndi miyala yaikulu ngati nyumba, zonse kuyenda pamodzi. Anthu mazanamazana anapita, ena sanapezeke mpaka lero, ndipo palibe banja la kuno limene silinalire. Ife tinapulumuka, koma khoma limodzi la nyumba ya amayi linagwa, ndipo patapita masiku, maliro atachepa, ndinapeza kaseti ya achimwene m'matope pafupi ndi pamene panali nkhokwe. Pa nthawi imene anthu ataya ana, munthu suuza anzako kuti ukulirira kaseti. Ndinangoiika m'thumba la malaya.

Ndinaigwirira ntchito sabata ziwiri, usiku, anthu atagona. Ndinamasula tisikuluu take tisanu, ndinatulutsa timagudumu tiwiri ndi tepi yake osaimasula, n'kuitsuka m'mbale ya madzi owiritsa ozizira, kusintha madzi kasanu mpaka atasiya kufiira. Ndinaiumika pamthunzi, pakuti dzuwa likanaipinda, kenako ndinaipota yonse ndi dzanja kuchokera ku gudumu lina kupita ku linzake, ikudutsa pakati pa kansalu kofewa, mamita oposa 80, chala ndi chala. Ndinaisamutsira m'chigoba cha kaseti ina yatsopano, chokhala ndi kathonje kake kabwino kopanikizira tepi pa hedi, n'kumatanso pepala lachikasu lija la dzanja la achimwene. Tsiku limene ndinakaiseweretsa kwa amayi, m'chisakasa chimene tinawamangira, achimwene anakonza kukhosi monga kale, mawu atalowa mchenga pang'ono, ndipo amayi anawomba m'manja nati, "Tilipo, bambo." Atatero anatembenukira kukhoma. Bokosi la mkungudzali linali la zovala zawo za kutchalitchi. Anandipatsa tsiku lomwelo kuti ndizisungiramo mwana wawo.

Ma CD atabwera, kenako mafoni ndi timakadi take, khonde langa linayamba kuzizira, ndipo ndinkayesa kuti tepi yafera limodzi ndi ntchito yanga. Ndiye Khirisimasi ina kunabwera mchemwali wanu wamkulu, uja amagwira ntchito ya makompyuta pa ofesi ina ku Blantyre. Tili pakhonde pano tikusenda chinangwa, foni yake inalira, ndipo ndinamumva akufunsa mnzake wa kuntchito kuti, "Tepi yakana? Dalaivala akuti chiyani?" Ndinaika mpeni pansi. Atatha ndinamufunsa kuti, mdzukulu wanga, tepi yake iti? Iye anati, "Agogo, zonse za mu ofesi mwathu, malipiro a anthu, makalata, mabuku a ndalama, usiku uliwonse timazikopera pa tepi kuti kompyuta ikafa tisataye kanthu. Usiku wathawu makina alephera kuwerenga zimene alemba." Ndinamuuza kuti auze mnzakeyo apukute hedi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti zimenezo n'zimenenso makinawo apempha, ndi kuti iwo ali ndi kaseti yapadera yopukutira imene amangoilowetsa.

Madzulo onse a tsiku limenelo iye anali mphunzitsi, ine mwana wasukulu. Anandiuza kuti makompyuta akhala akusunga zinthu pa tepi kuyambira pa UNIVAC mu 1951 ndi makina a IBM mu 1952, pa magudumu aakulu ngati mbale ya nsima. Kuti ngakhale timakompyuta ta m'nyumba ta 1982, monga ZX Spectrum ndi Commodore 64, tinkagwiritsa ntchito kaseti yomweyi ya nyimbo, ndipo ana a ku Ulaya ankapotoza kasikuluu komwe kaja ka hedi masewera awo akakana kulowa. Tepi ya masiku ano amaitcha LTO, inayamba m'chaka cha 2000, ndipo ya mtundu wachisanu ndi chinayi, ya 2021, imanyamula ma terabyte 18 m'kabokosi kokwana m'dzanja. Nyimbo zonse zimene zinadutsa pakhonde langa sizingadzaze ngakhale kangodya kake. Amaikondabe chifukwa ndi yotsika mtengo, imakhala zaka zambiri pashelefu osadya magetsi, ndipo mbala za pa intaneti sizingafikire chinthu chimene chili m'kabati chosalumikizidwa ku waya uliwonse.

Nanga dalaivala uja ndani? Anandifotokozera kuti m'kompyuta muli pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, monga Linux kapena Windows, imene ili ngati mfumu ya mudzi. Mfumu siyankhula yokha ndi mlendo aliyense. Ili ndi nduna yodziwa chilankhulo cha chipangizo chilichonse, ndipo nduna imeneyo ndiyo dalaivala. Wa tepi mu Linux dzina lake ndi lalifupi, st. Iye ndiye amauza makina kuti bwerera poyambira, pita kutsogolo mpaka pa chizindikiro chachitatu, lemba apa, lavula kaseti, ntchito zomwe zija zimene chala changa chinkagwira pa mabatani. Ndipo tepi siili ngati buku loti ungatsegule tsamba limene ukufuna. Kuti ufike pakati uyenera kudutsa zonse za m'mbuyo, choncho makina ndi dalaivala ayenera kudziwa nthawi zonse pamene aima. Anandionetsa pa foni yake mayina awiri, st0 ndi nst0, makomo awiri olowera kwa dalaivala mmodzi. Ukalowera loyamba, ntchito ikatha tepi imabwerera poyambira yokha. Ukalowera lachiwiri, imaima pomwe yafika kudikira zotsatira. Munthu akasokoneza chilembo chimodzicho, zimene alembe mawa zimagona pamwamba pa za lero n'kuzifufuta. Ndinakumbukira mayi wina amene anabwera akulira pakhonde langa, kaseti ya ukwati wake mwana atajambulirapo mpira wa pa wailesi, ndipo panalibe chimene ndikanachita koma kumuonetsa timano tiwiri ta kumsana kwa kaseti timene ukatithyola batani lofiira limakana kulowa. Mdzukulu wanga anati tepi zawo nazonso zili ndi kotsekera kotero.

Nthenda zake, adzukulu anga, n'zomwe zija, kungoti zavala suti. Hedi imada. Tepi imatamuka, imatha, imaopa chinyezi ndi kutentha. Kompyuta ikamachedwa kutumiza zolemba, makina amaima, kubwerera pang'ono, kuyambanso, kuima, kubwerera, ngati mnyamata wopolisha nsapato, ndipo kupitapita kumeneko kumadya tepi ndi hedi yomwe. Koma pali chinthu chimodzi chimene makina awo amachita chimene wailesi ya achimwene sinkachita. Kumbuyo kwa hedi yolemba kuli hedi ina yowerenga, imene imayang'ana nthawi yomweyo ngati zolembedwazo zamveka. Zikapanda kumveka, makina amazilembanso patsogolo pake. Amalembanso manambala owonjezera oyesera anzake, monga pa tepi za mizere isanu ndi inayi za IBM za 1964, pamene mizere isanu ndi itatu inkanyamula uthenga, wachisanu ndi chinayi n'kukhala mboni. Cholakwa chaching'ono amachikonza okha n'kungochilemba m'kaundula; chikakula, amayesa, kuyesanso, ndipo akalephera, dalaivala amaimitsa ntchito n'kukauza mfumu kuti apa sindinathe kuwerenga.

Pamenepo ndipo ndinamukonda dalaivala ameneyu, ngakhale sindidzamuona. Khutu la munthu limakhululuka. Nyimbo ikadumpha, mtima umadzazapo; dzina la mwini mbuzi litatayika, panali amayi odziwa mwana wawo. Koma nambala imodzi ikasowa pa malipiro a mphunzitsi kapena pa kaundula wa odwala, palibe mayi woti akweze dzanja n'kunena kuti wamva. Nduna yabwino pamenepo ndi imene imabwera n'kugwada n'kunena kuti uthenga wafika wong'ambika, osati yosokerera mawu akeake pofuna kukondweretsa mfumu. Mdala wanga wa ku Phalombe anali wotero: sanandinamize kuti kalata yachira yonse, anandionetsa kachidutswa kamene anadula, n'kundipatsa m'manja.

Ndimaganizanso za tepi zazikulu zimene zili m'nkhokwe ya MBC ku Blantyre, wailesi imene inayamba mu 1964 ndipo antchito ake ankayenda m'midzi kujambula ng'oma, mangolongondo ndi nyimbo za pamtondo. Ndi zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, zomwe zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Mmenemo muli mawu a agogo a anthu ambiri, ndipo tepi ikakalamba guluu wogwira ufa wake uja amayamba kunyowa ndi kumata, moti akatswiri amaiotha pa kutentha kochepa kwa maola ambiri kuti iseweretsedwe kamodzi kokha n'kukoperedwa. Amene akugwira ntchito imeneyo ndi abale anga a pakhonde, ngakhale amakhala m'zipinda zozizira.

Mdzukulu wanga asanabwerere ku Blantyre analumikiza waya ku wailesi n'kukopera kaseti ya achimwene mu kompyuta yake, ndipo akuti tsopano ili m'mafoni a ena mwa inu. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti achotse kaphokoso ka polumikiza paja ndi mchenga wa napolo. Ndinati ayi, azisiye.

Tsopano iwe wamng'ono, tenga mabatire awo ali pawindo, uwalowetse mitu yake motsatana monga ndinakuonetsera. Ndipatse kathonje ndi kabotolo kabuluu. Tiyambe tapukuta kaye. Wina achepetse nyali, ndipo amene ali ndi chifuwa atsokomoleretu. Mumva kamphepo, kenako mbale, kenako akonza kukhosi. Akatchula dzina la mayi ako, iwe uyankhe m'malo mwawo. Ndipo akafika pa mbuzi yamawangamawanga, nonse mukhale chete, pakuti ine pamenepo ndimasendezabe khutu.